Dzina Langa Pansi pa Kadontho ka Amalume

Anthu akandifunsa ntchito yomwe ndimagwira kuno ku London, ndimayamba ndaseka ndekha, podziwa kuti nawonso aseka. Ndimalemba malire a mayiko pansi pa nyanja yamchere. Ine amene ndinabadwira m'dziko lopanda gombe la nyanja yotereyi, amene mafunde ake ndinawaona koyamba ndili ndi ana awiri kale, ndipo kusambira mpaka lero sindidziwa. Mayi anga anamwalira akuuza anzawo a kutchalitchi kuti mwana wawo ali ku Mangalande, amayeza madzi. Sindinawatsutse, chifukwa sanaphonye kwenikweni.

Ntchitoyi sinandipeze msanga. Ndinabwera kuno ndi digiri ya za miyala ndi nthaka, koma zaka zoyambirira ndinazithera m'nyumba yosamalira okalamba ku Edmonton, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake. Digiriyo inkagona m'sutukesi pamwamba pa wadiropu kunyumba kwanga ku Barking. Amene anandichititsa kuitsitsa ndi bambo ena omwe ndimawatchula kuti amalume, ngakhale kuti ubale wamagazi palibe. Iwo anabadwira pa famu ina ku Zimbabwe, kumene bambo awo anapita kukagwira ntchito ya fodya n'kutchona. Kwawo kwa bambo awowo kunali kuseri kwa phiri lomwe ine ndinakulira patsinde pake, ndiye titakumana pa maliro a mnzathu ku Ilford, umalume unayambira pomwepo. Atamva zomwe ndinaphunzira anandiyang'ana ngati ndabisa katundu wakuba. Patapita miyezi ingapo anandilowetsa pa kampani yaing'ono yomwe ankagwirako, yothandiza mayiko a m'mphepete mwa nyanja kukonza zikalata za malire awo.

Nkhani yake ili chonchi. Dziko lokhala ndi gombe lili ndi ufulu pa nthaka ya pansi pa nyanja mpaka mamayilosi mazana awiri kuchokera kugombeko. Koma mtunda suthera pomwe madzi ayambira. Umapitirira pansi pa madzi ngati khonde, kenako n'kutsetsereka kulowa kozama. Dziko likasonyeza kuti mtunda wakewo ukupitirira mamayilosi mazana awiri aja, lamulo la mayiko onse limalilola kutenga nthaka yowonjezera pamodzi ndi zili m'menemo, kaya ndi mafuta kaya ndi miyala. Koma liyenera kukapereka umboni kwa gulu la akatswiri ku New York, ndipo anthu amenewo salandira za mphekesera.

Zambiri zimadalira malo amodzi, tsinde la mtsetse, pomwe kutsetsereka kwathera. Lamulo limati ndi pamene kupendekeka kwa nthaka kwasintha kwambiri m'munsi mwa mtsetsewo. Ukapeza malowo umaikapo kadontho pa mapu, ndipo njira imodzi yololedwa ndiyo kuyeza mamayilosi makumi asanu ndi limodzi kuchoka pa kadonthoko kupita kunja. Pamenepo ndiye malire. Papepala n'zophweka ngati kumwa madzi. Koma pitani mukaime kunsi kwa phiri lililonse, mundilozere ndi chala pomwe phirilo lathera. Ndiye muganize za phiri lomwe palibe analionapo, lili pansi pa madzi akuya makilomita atatu kapena anayi. Timalidziwa kudzera m'mizere yochepa yomwe sitima inadutsa ikuponya phokoso pansi n'kumvetsera kubwerera kwake. Pakati pa mzere wina ndi unzake pali mdima wokhawokha. Kadontho kakasuntha pang'ono, malire a dziko lonse amasuntha nako.

N'chifukwa chake mu ofesi mwathu munali lamulo lakuti kadontho kalikonse kasankhidwe ndi munthu mmodzi, wina akaunike payekha, ndipo onse awiri asaine pa pepala limodzi, wosankha pamwamba, wounika pansi. Amene anayambitsa lamulolo ndi amalume omwewo. Ankakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, n'kumamasulira mwambiwo kwa azungu mpaka iwo anauloweza.

Chaka chomwe ndikunenachi tinali ndi ntchito ya dziko lina la ku Africa, losauka ngati lathu lomwe. Inali ntchito yomaliza ya amalume asanapume. Zaka zambiri m'mbuyomo iwo anakwera sitima yoyeza nyanja ya dzikolo, ndipo nkhani ya masabata omwe anakhala akusanza m'ndowa tinaimva kambirimbiri pa nthawi ya tiyi. Madontho analipo khumi ndi awiri. Kachisanu ndi chiwiri ndiko kanali kutali kwambiri ndi gombe, kamakoka malire kunja ngati mphuno. Akuluakulu a dziko lija ankakakonda kadonthoko, ndipo amalume ankakatchula mwana wawo wachisamba. Wounika anali ine.

Nditatsegula mzere wa kadonthoko pa kompyuta, ndinaona napolo. Kwathu mvula ikagwa masiku ambiri osaleka, phiri limang'ambika, matope ndi miyala n'kutsika kukokolola chilichonse, ndipo timati napolo wadutsa. Ndili mtsikana munda wa mayi anga unakwiririka motero. Zomwe napolo anataya zinatsala ngati mulu wautali pakati pa chigwa, kutali ndi phiri, ndipo pothera pake panali kamtsetse kakuthwa. Mlendo akanalumbira kuti phiri lathera pamenepo. Ife tinkadziwa kuti pansi pa muluwo pali chimanga chathu.

Kadontho ka amalume kanali pa mlomo wa mulu wotere. Sitima yawo inadutsa pamwamba penipeni pa lilime la matope ogumuka. Mizere iwiri yoyandikana nayo, yomwe sitima ina inayeza pambuyo pake, sinasonyeze kamtsetse kalikonse, koma chigwa chosalala. Zithunzi za m'kati mwa nthaka zinkaonetsa matope osokonezeka atagona pamwamba pa dothi loyalana bwinobwino. Ndinene zoona, matope ogumuka nthawi zina amawerengedwa ngati mbali ya mtsetse, ngati pali umboni wokwanira. Ndinaufuna umboniwo masiku awiri ndi mtima wonse, chifukwa ndinkafuna kuti amalume akhale olondola. Sindinaupeze. Tsinde lenileni linali kumbuyo, chakumtunda.

Ndipo ndinasaina. Izi ndizo zimandipweteka kulemba, koma ndizo zinachitika. Amalume anabweretsa okha pepalalo, anaima pambali pa desiki yanga magalasi ali pamphumi, akumwetulira, n'kundifunsa ngati mwana wawo wachisamba ndamuona kukongola kwake. Pamaso panga panaima munthu wa imvi amene ananditulutsa m'mashifiti a kunyumba ya okalamba ija, amene anakhala kutsogolo pa ubatizo wa mwana wanga, ndipo azungu atatu anali pa madesiki awo akumva zonse. Ine ndinaleredwa kuti wamkulu sumutsutsa pamaso, makamaka pagulu. Akalakwa umazungulira, umamusiyira njira yoti aone yekha, ulemu wake usagwe pansi. Dzanja linatenga cholembera lisanandifunse. Mumtima ndinati ndisaine lero, mawa ndiwauza mwa njira yathu.

Njira yathuyo inandidyera masabata atatu. Poyamba ndinasindikiza mizere iwiri yoyandikana ija n'kuiika pamwamba pa mapepala a pa desiki yawo. Anandithokoza chifukwa chowakonzera desiki. Kenako pa chakudya chamasana ndinawafotokozera za munda wa mayi anga, ndikutsindika bwinobwino za mlendo wonamizidwa ndi mulu wa matope. Anaseka mpaka kupukuta misozi, nati bambo awonso ankanena kuti napolo ndi chinjoka chomwe chimasamuka m'phiri, ndipo nkhaniyo inathera pa njoka. Ndinawakwiyira mumtima. Ndinkati munthu wophunzira chonchi alephera bwanji kumva, kuiwala kuti wolephera kulankhula ndi ine.

Pomaliza ndinadzera kwa akazi awo, amene ndimawatchula kuti anti. Iwo ndi namwino wopuma ntchito, mayi wosadziwa kubisa mawu. Tikutuluka m'tchalitchi ndinawakokera pambali n'kuyamba kuzungulira monga mwa nthawi zonse, kuti mwina amalume atopa, mwina akanayang'ananso ntchito ina. Anandidula ndisanamalize.

"Iwe, za madontho anuzo ine sindilowamo," anatero anti. "Bambowa ndakhala nawo zaka zambiri. Akaona munthu akuwazungulira amatseka makutu dala. Amati wakutsina khutu ndi mnansi. Ndiye litsine khutulo, osamalisisita."

Lachinayi la sabata imeneyo kunali msonkhano. Loya wa kampani yathu, mayi wachizungu wokonda zinthu zolongosoka, anayala mapepala khumi ndi awiri aja patebulo n'kunena kuti popeza onse asainidwa kawiri, zikalata zitumizidwa kwa eni dziko pakatha masiku khumi. Anafunsa ngati alipo ali ndi chonena. Ndinayang'ana siginecha yanga pansi pa ya amalume, ndipo ndinakhala chete. Iye analemba kuti tonse tagwirizana.

M'sitima yapamtunda yobwerera ku Barking madzulo amenewo ndinadziona bwino lomwe, ndipo sindinadzikonde. Siginecha ija sinkanena kuti ndimawalemekeza amalume. Inkanena kuti ndaunika ndipo ndapeza kuti n'zoona. Akatswiri a ku New York amatsegula mzere uliwonse, ndipo zomwe ndinaona ine m'mphindi zochepa sakanalephera kuziona. Akakayikira kadontho kamodzi, amayamba kukayikira onse. Dziko lija likanadikira zaka pamzere kuti likangobwezedwa kukakonza, ndipo ntchito yomaliza ya amalume ikanakumbukika ndi kadontho koikidwa pa matope. Ulemu wanga uja sukanawateteza. Ukanangowasungira manyazi aakulu kutsogolo, pamaso pa alendo, ine nditabisala. Pofika pa siteshoni ndinali nditatsimikiza kuti dzina langa lichoka pa pepala lija, umalume uthe kapena usathe.

Loweruka masana ndinakwera basi ya ku Ilford, kumene amalume amakhala, mapepala nditawapinda m'manja. Ndinasankha kunyumba osati ku ofesi, kuti akakwiya akwiye m'Chichewa. Pakhomo pa fulati yawo ndinamanga chitenje pamwamba pa thalauza monga ndinkachitira masiku onse. Anti atangoona mapepalawo analowa kukhitchini n'kukweza wailesi. Amalume anali pampando wawo pafupi ndi zenera. Ndinawapatsa moni, ndinagwada pa kapeti, ndipo popeza tebulo lawo linali laling'ono ndinayala mapepala pansi pomwepo.

"Amalume, ndabwera kudzachotsa dzina langa pa pepala la kadontho kachisanu ndi chiwiri," ndinatero. "Sikali patsinde. Kali pa matope a napolo."

Anatsitsa magalasi pamphumi paja, anagwira mkono wa mpando, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka anagwada nawo pa kapetipo, ngakhale kuti bondo lawo lakumanja limawavuta. Anaitanitsa rula. Kenako mkangano unayamba, ndipo unatenga ola lathunthu. Ananena kuti kupendekeka kwa nthaka kwasintha kwambiri pa kadontho kawo kuposa pena paliponse pa mzerewo, zomwe zinali zoona. Ndinayankha kuti lamulo limafuna kusinthako kukhale m'munsi mwa mtsetse, osati pa mulu uliwonse wa m'chigwa. Ananena kuti matopewo anachokera pa mtsetse womwewo, ndiye ndi mbali yake. Ndinawaonetsa dothi loyalana lomwe lagona pansi pa matopewo, ndi mizere iwiri yosalala mbali ndi mbali. Atasowa pogwira anandikumbutsa kuti pa sitima ija panali iwo, ine kulibe. Apo mtima unandiwawa, ndipo ndinayankha kuti sitimayo sinaone pansi pa nyanja, nawonso sanaonepo, tonse tikuyang'ana mizere yomweyi. Sindinayambe ndalankhulapo chotero kwa munthu wamkulu chibadwire.

Anakhala nthawi yaitali akuyendetsa rula kuchoka pa mzere wina kupita pa unzake. Atamaliza anaiika pansi.

"Unaziona liti zimenezi?" anafunsa.

"Tsiku loyamba lomwe."

"Ndiye unasainiranji?"

"Ulemu, amalume."

"Ulemu," anabwereza mawuwo motsitsa. "Bambo anga anagwira ntchito pa famu moyo wawo wonse. Bwana akalamula zolakwika ankati inde bwana, fodya n'kumawonongeka m'balani iwo akuona. Ankabwera kunyumba n'kumatiuza ife ana kuti mzungu uja ndi chitsiru. Ine ndinakutenga kuti ukhale diso langa lachiwiri. Iwe wandisandutsa bwana wa pa famu."

Ndinali nditakonzekera kukalipiridwa chifukwa chowatsutsa. Izi sindinazikonzekere, ndipo ndinangopepesa za kusainako. Anandiuza kuti ndisiye mapepalawo. Nditatsanzika sanadzuke. Kwa zaka zonsezo, mvula kaya chisanu, amalume ankavala jekete n'kundiperekeza mpaka pokwerera basi, akunena kuti mlendo satuluka yekha ngati wakuba. Tsiku limenelo anti ndiwo ananditsegulira chitseko. Ndinalira m'basi, nkhope nditalozetsa kuzenera, koma sindinaganize zobweza mawu anga.

Lolemba ndinalawirira kuti ndikauze loya uja ndekha, koma ndinapeza amalume atafika kale, atasonkhanitsa ofesi yonse. Ananena mosapsatira kuti kadontho kachisanu ndi chiwiri anakaika polakwika, ndipo kuti wounika anakaona koma anasaina. Sanawonjezere kapena kuchotsera. Loyayo anandiyang'ana kamodzi, ndipo kuyang'ana kumeneko sindidzakuiwala. Masana amalume anaimbira foni akuluakulu a dziko lija. Ndinamva kudzera pa chitseko amalume akufotokoza kuti mphuno ija idulidwa, kuti nthaka yomwe akuluakuluwo anali atailonjeza kale kwa anthu awo kampani sikanatha kuiteteza. A mbali inayo anakalipa kwambiri. Amalume sananditchule ngakhale kamodzi pa foniyo.

Kenako anabweretsa pepala latsopano pa desiki yanga. Ananena kuti kadontho katsopanoko ndisankhe ine, dzina langa likhale pamwamba, iwo aunika. Ndinagwira ntchito imeneyo ngati moyo wanga uli pomwepo. Ndinazungulira chigawo chonse cha m'munsi mwa mtsetse, mzere ndi mzere, mpaka ndinaika kadontho pomwe ndikanatha kukaimira pamaso pa aliyense. Ndinawapatsa. Anakhala nako masiku atatu, ndipo masiku onsewo moni wawo unali wa anthu ongogwira ntchito limodzi.

Tsiku lachitatu anabwera, anaima pomwe anaima ulendo woyamba uja, n'kulankhula m'Chingerezi kuti aliyense amve. Anati tsinde ndalipeza bwino, koma malo a sitima yakale ija analembedwa ndi kayezedwe kakale ka dziko lapansi, ndipo ine ndinaiwala kuwasinthira ku kayezedwe katsopano komwe mizere ina yonse ikutsata. Kadontho kanga kanali kataphonya ndi mtunda woti munthu n'kuyenda mphindi zingapo. Anandibwezera pepalalo lopanda siginecha.

"Konza," anatero, m'Chichewa tsopano. "Umu ndi mmene timachitira."

Mbali ina ya mtima wanga inkati akubwezera, ndipo mwina analinso akubwezera pang'ono, pajatu ndi munthu. Koma ndinatsegula fayilo ndipo ndinapeza kuti akunena zoona. Ndinakonza tsiku lomwelo. Anaunikanso, n'kusaina pansi pa dzina langa. Zikalata zinapita zitachedwa ndi sabata imodzi.

Amalume anapuma ntchito chaka chomwecho. Zikalata za dziko lija zikudikirabe pamzere ku New York, ndipo palibe angadziwe chaka chomwe akatswiri adzazitsegule. Ku Ilford sindinaitanidweko miyezi yambiri. Kutchalitchi tinkapatsana moni, basi. Zinkandiwawa, chifukwa kuno kutali munthu womutchula kuti malume sumutola pamsewu. Ndinaganizapo kangapo zopita kukapepesa, koma ndinkadzifunsa kuti ndikapepese chiyani. Za kusaina ndinali nditapepesa kale, ndipo za kuwatsutsa sindikanapepesa popanda kunama kachiwiri.

Amene anathetsa zimenezi ndi anti. Anandiimbira Lamlungu lina nati aphika zambiri, ndipo atopa kudya ndi munthu wosalankhula. Ndinapita. Tinadya, tinacheza za ana, za kukwera mtengo kwa renti, za bondo lija lomwe madokotala ankati alichite opaleshoni. Za nyanja sitinatchule. Nditatsanzika ndinapita kukhomo ndekha n'kuyamba kuvala nsapato. Ndili chiweramire ndinamva ndodo ikugogoda pansi kumbuyo kwanga. Amalume anali akuvala jekete.

Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondolo mpaka pokwerera basi. Pamenepo anayang'ana kumsewu, osati kwa ine, n'kunena kuti zikalata zija zikamadzatsegulidwa mwina iwo adzakhala atatsata bambo awo.

"Wokaimira kadontho kaja ndiwe," anatero. "Adzakhala anthu a imvi kuposa ine. Ukawapatse moni mwaulemu. Koma akadzakufunsa, usadzagwade."

Basi inabwera ndipo ndinakwera. Ndinakhala pampando wakumbuyo, ndipo pomwe tinkakhota pa mphambano ndinawaona ali chiimire pomwepo, atatsamira ndodo yawo.